Dzina la pa Thumba

Usipa ukauma pa thandala ku Senga Bay suchedwa kulowa m'thumba. Ndimakonda kutsikira kunyanja dzuwa lisanalimbe, nthawi imene asodzi a chilimira abwerako kale ndipo ena akugona m'mithunzi ya maboti, amalonda nawo ali pakalikiliki kulongedza katundu woti akwere galimoto ya ku Lilongwe. Tsiku lina ndinaima pafupi ndi mayi wina amene ankasoka thumba lake ndi chisingano chachikulu. Thumbalo linali la feteleza. Dzina la kampani linkaoneka bwinobwino, kulemera kwake makilogalamu 50 kunalinso pomwepo, koma m'kati munali usipa. Cham'mbali munali mayina awiri olembedwa ndi inki yakuda, lina lokhwatchidwa, lina lozilala ndi dzuwa.

"Amayi, ndi mayina onsewa, thumba limeneli likafikira yani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso la mwana wa sitandade wani. "Amenewo ndi a eni ake akale, bambo. Langa sindinalembe. Ndilemba ndikamaliza kusoka."

"Bwanji osalemberatu likadali lopanda kanthu? Si ndiye silivuta kulemba?"

"Ndikalemberatu, mwana n'kulitenga kukathiramo makala. Ndiye lizikayenda likutchula ine pomwe mulibemo changa."

Ndinaseka, koma pokwera mtunda kubwerera kunyumba mawu aja ananditsatira. Mayiyo sankadziwa kuti wagamula mlandu umene ine ndi anzanga olemba mapulogalamu a kompyuta takhala tikukangana kwa zaka zambiri, mlandu wa kamzere kamodzi kamene kamakhala pamwamba pa fayilo.

Ndifotokoze kaye kwa amene sagwira ntchito imeneyi. Pulogalamu ya kompyuta imalembedwa m'mafayilo ambiri, ndipo mafayilowo amasinthidwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi anthu angapo. Kuti pasakhale chisokonezo pali mapulogalamu ena amene ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya kusintha kulikonse: anasintha ndani, liti, mzere uti, chifukwa chiyani. Ine ndimawatcha nkhokwe yokhala ndi kaundula. Ukafuna kugwira ntchito umatapa fayilo m'nkhokwemo, ukamaliza umaibwezamo, ndipo kaundula amalemba nambala yatsopano. Funso limene limatigawa ndi lakuti, kodi fayilo ikamatuluka m'nkhokwe, nkhokweyo iziidinda yokha nambala ndi tsiku m'kati mwa zolembedwazo, kapena izituluka monga inalowera, osawonjezerapo ngakhale kadontho? Pa Chingerezi mchitidwe wodindawu amautcha keyword expansion. Wolemba amaika kachizindikiro kakafupi, monga $Id$, pamwamba pa fayilo. Akaitapanso amapeza kachizindikiro kaja kafufuma ngati mandasi m'mafuta, kadzaza dzina la fayilo, nambala, tsiku, ola ndi dzina la amene anasintha komaliza.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa ambiri a ife amene timaikanganira. Mu 1972 Marc Rochkind wa ku Bell Labs ku America anapanga nkhokwe yotchedwa SCCS, ndipo inali kale ndi zizindikiro zake zofufuma, pamodzi ndi lamulo lotchedwa what lofufuzira zidindozo m'pulogalamu yomangidwa kale. Mu 1982 Walter Tichy wa pa yunivesite ya Purdue anatulutsa RCS, ndipo ndi iyo inabweretsa zizindikiro zokhala pakati pa zilembo ziwiri za dola zimene timaziona mpaka lero: $Id$, $Revision$, $Date$, $Author$, $Log$. CVS, imene Dick Grune anaitulutsa mu 1986 ku Netherlands, inamangidwa pamwamba pa RCS n'kutengera zonsezi. Anthu a nthawi imeneyo sankachita zopusa. Pulogalamu inkayenda pa matepi ndi madisiki, kutumizidwa pa positi, n'kukagwira ntchito kutali ndi nkhokwe yake. Munthu akadandaula kuti pulogalamu yavuta, njira yodziwira chimene ali nacho inali kumuuza kuti awerenge chidindo.

Ine ndinaphunzira ntchitoyi ku Lilongwe kwa madala ena amene anakulira pa CVS kenako n'kusamukira ku Subversion. Kwa iwo fayilo yopanda $Id$ inali ngati kalata yopanda deti. Ukawapatsa ntchito yako ankayamba ndi kuyang'ana mzere woyamba, ndipo akapanda kuona zizindikiro za dola ankangokubwezera laputopu osalankhula. Subversion, imene inayamba mu 2000 ndipo veshoni yake ya 1.0 inatuluka mu 2004, siidinda yokha pokhapokha uiuze, fayilo ndi fayilo, kudzera pa svn:keywords. Madalawo anaikonza kuti izidinda chilichonse chatsopano. Ndinatengera mwambowo popanda kufunsa, monga mmene mwana amatengera kagwiridwe ka khasu.

Ndipo ndinene zoona, kuno kunyanja mwambowo unandithandiza. Amene amatsutsa zidindo nthawi zambiri amalankhula ngati munthu aliyense ali ndi nkhokwe pambali pake usana ndi usiku, intaneti yosadukiza, magetsi osazima. Kwathu kuno fayilo imayenda pa fulashi m'thumba la malaya, pa minibasi, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Salima, kenako ena 20 kutsikira ku Senga Bay. Imayenda pa WhatsApp, n'kufika itasinthidwa dzina katatu: lipoti, lipoti latsopano, lipoti latsopano lenileni. Ikafika pa kompyuta ya ku Chipoka kapena ku Lifuwu yasiyana kale ndi kaundula wake, ngati ng'ombe yogulidwa pa msika wakutali imene palibe akudziwa khola lake. Vuto limeneli silili kwa ife a timapulogalamu ting'onoting'ono tokha. A Baobab Health, amene anayamba mu 2001 kuika makompyuta ogwira ndi chala pagalasi pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, anamanga ntchito yawo podziwa kuti chipatala chilichonse chiyenera kukhala ndi seva yakeyake ndi mabatire ake, kuti odwala azilembedwa ngakhale netiweki kulibe. Paliponse pamene pulogalamu imodzi ikukhala m'malo ambiri otalikirana chonchi, funso lakuti kumeneko kuli veshoni iti limafunsidwa tsiku lililonse, ndipo limafuna yankho loti munthu angathe kuliwerenga pa foni.

Nthawi ina ndinkathandiza kabungwe kena kamene kankalemba nsomba zofika pa madoko angapo a m'boma lino. Boma lili ndi kalembera wake, wa Dipatimenti ya Usodzi, wowerenga mabwato, maukonde ndi asodzi. Athuwa ankafuna zawozawo za tsiku ndi tsiku. Alembi ankaima pa gombe m'mamawa ndi mafomu, kulemba ndowa za usipa ndi utaka zimene boti lililonse labwera nazo, ndipo madzulo wina ankazilowetsa mu kompyuta. Kapulogalamu kanga kankasandutsa ndowazo kukhala makilogalamu n'kutulutsa lipoti la pamwezi. Panali malaputopu awiri, ina ku ofesi ya pa boma, ina kwa mnyamata amene ankayendera madoko a kumpoto, cha ku Chikombe, komwe maboti a ku chilumba cha Mbenji amakocheza.

Mwezi wina malipoti awiriwo anasiyana. Mafomu anali amodzimodzi, tinawawerenga kawiri, koma makilogalamu a laputopu ya kumpoto anali ochuluka. Ndinamuimbira mnyamata uja.

"Achimwene, tatsegulani fayilo ija muwerenge mzere woyamba."

Anawerenga pang'onopang'ono, mphepo ya mwera ikuwomba m'foni: dzina la fayilo, nambala 212, tsiku, ola. Ndinayang'ana pa yanga. Nambala 212, tsiku lomwelo, ola lomwelo. Mtima unakhala pansi, ndipo pamenepo ndi pamene ndinasochera. Popeza zidindo zinafanana, ndinachotsa pulogalamu pa mndandanda wa zokayikitsa n'kuyamba kusaka kwina. Ndinakayikira alembi. Ndinakayikira amene ankalowetsa manambala, mtsikana wakhama amene sanalakwepo chiyambire, ndipo ndinamuuza kuti alowetsenso za mwezi wonse. Anatero osadandaula, ngakhale nkhope yake inanena zambiri. Masabata awiri anatha. Pomaliza ndinakwera njinga yamoto kupita komweko, ndinaika mafayilo awiriwo pambali ndi pambali, ndipo kusiyana kunali pa mzere umodzi, cha pakati. Nambala yosandutsira ndowa kukhala makilogalamu inali itasinthidwa.

Mnyamatayo sanabise. Anati ndowa za ku madoko akewo n'zokulirapo kuposa za ku doko la Nguwo, anayeza yekha pa sikelo, ndipo anaona kuti lipoti likunama. Anatsegula fayilo, anapeza nambalayo, anaikonza. Ankanena zoona, ndowazo zinalidi zosiyana. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire pa foni paja, ndipo anandiyankha modekha kuti, "Munandifunsa mzere woyamba, achimwene. Mzere woyamba ndinawerenga."

Sindinamukwiyire, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mlanduwo unali wanga. Ndinakhulupirira chidindo pa nkhani imene chidindocho sichinalonjezepo. $Id$ sinena kuti zimene zili m'fayilomu ndi za nambala 212. Imangonena kuti tsiku lina fayiloyi inatuluka m'nkhokwe ili pa nambala 212. Zochitika pambuyo pake sizidziwa. Ndi dzina lolemberatu pa thumba, thumbalo n'kukathiridwa makala. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti pakanakhala palibe chidindo ndikanayamba ndi kuyerekeza mafayilo tsiku loyamba lomwelo, ndipo mtsikana uja sakanalowetsanso manambala a mwezi wathunthu.

Nditayamba kukayikira, zina zimene ndinkazipirira ngati nyengo zinayamba kuoneka kuti ndi matenda. Chidindo chimanena za fayilo imodzi, koma pulogalamu ndi mafayilo makumi kapena mazana. Mu Subversion nambala imene imadindidwa m'fayilo ndi ya tsiku limene fayilo imeneyoyo inasinthidwa komaliza. Fayilo yaikulu ikhoza kumati 212 pamene inzake imene ikuchita masamu enieni ili pa 230, ndipo wowerenga pa foni sangadziwe. N'chifukwa chake eni ake a Subversion anapanga lamulo lapadera, svnversion, loyang'ana chikwatu chonse pamodzi, limene limawonjezeranso chilembo M likapeza kuti wina wagwiramo. Mankhwala analipo kale, ine ndinkangoyang'ana mzere woyamba.

Palinso nkhani ya kuphatikiza. Anthu awiri akagwira ntchito pa nthambi ziwiri za pulogalamu imodzi, tsiku limafika loti ntchito zawo zikumane. Pa CVS, ukapanda kusamala, mzere wa chidindo umasiyana mbali zonse ziwiri, ndiye kompyuta imaima n'kunena kuti pali mkangano. Umatsegula fayilo ndi mantha, n'kupeza kuti mkanganowo uli pa deti basi. Fayilo imodzi si nkhani, koma zikakhala 40 umatopa, umayamba kuvomereza osawerenga, ndipo mkangano weniweni umadutsa pakati pa yabodzayo. Choipitsitsa chinali $Log$, chimene chinkathira m'fayilo uthenga wa kusintha kulikonse, chaka ndi chaka, mpaka mbiri kutalika kuposa pulogalamu. Olemba Subversion anachikana chimenechi kuyambira pachiyambi. Ndipo aliyense amene anagwiritsapo CVS amakumbukira -kb, kachizindikiro kouza nkhokwe kuti fayilo iyi ndi chithunzi, isakhudzidwe. Ukaiwala, nkhokwe inkatha kulowerera m'kati mwa chithunzicho n'kuchiwononga mwakachetechete. Nkhokwe imene umathiramo chimanga n'kukatapamo china chosiyanako pang'ono, mlimi aliyense angaikayikire.

Git inabwera mu April 2005, pamene Linus Torvalds anafuna chida chatsopano chosungira Linux atasiyana ndi BitKeeper. Iye anakana zidindo zamtundu wa CVS poyera, ndipo kukanako kunachokera pa kamangidwe ka Git yeniyeniyo. Mu Git chinthu chilichonse chimadziwika ndi dzina lowerengedwa kuchokera pa zimene zili m'kati mwake, zilembo ndi manambala 40 zotuluka m'masamu a SHA-1. Ukasintha kadontho kamodzi, dzina lonse limasintha. Dzina la kusintha kulikonse limachokera pa mafayilo onse a nthawi imeneyo, pa kusintha kwam'mbuyo, pa wolemba, tsiku ndi uthenga wake. Tsono taganizani kuti mukufuna kusunga dzina limenelo m'kati mwa fayilo. Mukalilemba, fayilo yasintha. Fayilo ikasintha, dzina lasinthanso, ndipo limene mwalemba lija lakhala lakale. Zili ngati kuyeza thumba pa sikelo, kulemba kulemera kwake pa mwala, n'kuponya mwalawo m'thumba momwemo.

Git inasiyako kakhomo. Mu fayilo yotchedwa .gitattributes mukhoza kulemba mawu akuti ident, ndipo $Id$ idzafufuma potuluka n'kufwapha pobwerera, kotero kuti m'nkhokwe mumakhala kachizindikiro kopanda kanthu. Koma chimene imadinda ndi dzina la zilembo 40 la fayilo imeneyo, popanda tsiku, popanda wolemba, popanda nambala yoti munthu anene kuti iyi ndi yatsopano kuposa iyo. Ndinayesapo kamodzi. Kuwerengetsa munthu zilembo 40 pa foni, ali pa gombe, injini za maboti zikulira, mayunitsi akutha, ndi chilango chimene sindingapatse ngakhale mdani. Palinso njira ya zosefera ziwiri, smudge ndi clean, zimene munthu angadzilembere kuti Git izichita ngati CVS. Zimagwira, koma aliyense wotapa m'nkhokwemo ayenera kuzikonza pa kompyuta yake, ndipo woiwala mmodzi akhoza kubwezera chidindo chofufuma m'nkhokwe, chimene chimakhala momwemo chikunama mpaka wina achione. Mercurial, nkhokwe ina imene inabadwa mwezi womwewo wa April 2005, ili ndi chowonjezera chodindira, koma eni ake anachiika pa gulu la zinthu zoti munthu agwiritse ntchito pokhapokha njira zina zonse zakanika.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo madala anga aja, chifukwa si okhawo amene anakakamira. OpenBSD, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene Theo de Raadt anaiyamba mu 1995 kuchokera ku NetBSD, ikugwiritsabe ntchito CVS, ndipo mafayilo ake amayamba ndi chidindo cha $OpenBSD$. Awa ndi anthu odziwika ndi kusamala, palibe angawanene kuti sadziwa ntchito. Chimene chimandisangalatsa ndi chifukwa chimene anapangira chizindikiro cha dzina lawolawo. Ukatenga fayilo ya mnzako yokhala ndi $Id$ n'kuithira m'nkhokwe yako, nkhokwe yako imafufuta chidindo cha mnzakoyo n'kuikapo chake, ndipo umataya umboni wa kumene fayiloyo inachokera. Choncho banja lililonse linasankha dzina lake: $NetBSD$, $FreeBSD$, $OpenBSD$. Mpaka lero mukhoza kutsegula fayilo ya OpenBSD n'kupeza mizere iwiri pamwamba, wa eni ake atsopano ndi wa NetBSD pansi pake, wa zaka za m'ma 1990, utauma pa tsiku limene fayiloyo inasamuka. Nditaona zimenezi koyamba ndinakumbukira thumba la mayi uja ndi mayina ake awiri akale. Dzina lakale lili ndi ntchito, limakuuza kumene thumba ladutsa. Bola wowerenga adziwe kuti ndi lakale.

FreeBSD inayenda njira ina. Inachoka pa CVS kupita pa Subversion mu 2008, kenako pa Git kumapeto kwa 2020. Kuyambira pamenepo zidindo za $FreeBSD$ zinasiya kufufuma, zinangokhala pamwamba pa mafayilo ngati zikwangwani za sitolo yotsekedwa, mpaka mu 2023 pamene anazichotsa m'mafayilo zikwizikwi. Anapirira nazo zaka pafupifupi zitatu zisakugwira ntchito. Mwambo suchoka tsiku limene phindu lake latha, ndipo ine sindingawaseke, popeza nanenso ndinapitiriza kulemba $Id$ pamwamba pa mafayilo anga kwa miyezi ingapo nditasamukira kale ku Git. Dzanja linkangolemba lokha.

Pamene ndaima lero ndi apa. Nkhokwe isadinde kanthu m'fayilo imene munthu akugwirabe ntchito. Chimene ndathira ndicho ndikatape, chilembo ndi chilembo. Koma anzanga amene amaimira pamenepa n'kunena kuti nkhani yatha, kuti wofuna kudziwa veshoni afunse Git, amaiwala munthu wa ku Chikombe amene alibe Git, alibe nkhokwe, ali ndi chikwatu cha mafayilo chimene chinabwera pa fulashi. Funso la madala anga likadalipo ndipo ndi labwino. Cholakwika chinali nthawi yodindira ndi malo ake. Mfumu ikamalemba kalata yoti munthu apite nayo ku banki kapena kwa DC, siiyamba ndi kudinda mapepala opanda kanthu n'kuwasunga m'kabati. Imalemba, imawerenga, kenako imadinda kalatayo ikutuluka pakhomo. Mfumu yodindiratu mapepala tonse tikudziwa mavuto amene imaitana.

Zida zochitira zimenezi zilipo, ndipo si zovuta. Lamulo la git describe limapereka dzina lalifupi la pulogalamu yonse, monga v2.3-4-g1a2b3c4, kutanthauza kuti papita kusintha kanayi chichokereni pa veshoni 2.3, ndipo zilembo zakumapetozo zikuloza malo enieni m'kaundula. Limeneli munthu akhoza kuliwerenga pa foni mpweya umodzi. Mukawonjezera --dirty, lamuloli limaika mawu akuti dirty kumapeto likapeza kuti pali fayilo yosinthidwa imene sinabwezedwe m'nkhokwe, ndiye simungatumize katundu wogwiridwagwiridwa mukuganiza kuti ndi woyera. Palinso export-subst, imene imadzaza chizindikiro cha $Format:%H$ pa nthawi yokhayo imene mukumanga mtolo wotumiza ndi git archive. Kumeneko ndiye kulemba dzina utamaliza kusoka. Mafayilo a pa tebulo langa amakhala opanda chidindo, mtolo wokwera minibasi umapita ndi chidindo chimodzi cha mtolo wonse.

Koma ndisadzinamize. Ngakhale chidindo chimenechi sichikanagwira zimene zinachitika kumpoto kuja, chifukwa mnyamata uja anasintha fayilo mtolo utafika kale. Thumba losokedwa bwino likhozabe kumasulidwa panjira. Zimene ndinachita pambuyo pake zinali ziwiri, ndipo yachiwiri ndi imene ndimainyadira. Yoyamba, pulogalamu ikamayamba imadziwerengera yokha dzina la masamu la mafayilo ake n'kuyerekeza ndi limene linalembedwa pomanga mtolo. Zikasiyana, pansi pa lipoti lililonse pamatuluka mawu akuti pulogalamuyi yasinthidwa chichokereni ku ofesi. Siikana kugwira ntchito, imangonena. Yachiwiri, ndinachotsa nambala ya ndowa ija m'kati mwa pulogalamu n'kuiika poyera, pamalo poti mlembi wa doko lililonse aikepo yake atayeza, ndipo nambalayo imasindikizidwa pa lipoti pambali pa dzina la doko. Mnyamata uja analowa m'fayilo chifukwa ndinamutsekera khomo limene ankayenera kudutsapo. Iye ankadziwa ndowa za kwawo kuposa ine, ndipo ine ndinali nditakhoma nambala ya doko limodzi ngati kuti nyanja yonse imayezera ndowa imodzi.

Nthawi zina ndimaganiza kuti chimene madala anga ankakonda pa $Id$ sichinali nambala. Chinali dzina la munthu limene linkatuluka kumapeto kwa mzerewo. Ankakhulupirira kuti munthu akadziwa kuti dzina lake likhala pamwamba pa fayilo, amasamala. Mwina ankanena zoona. Koma dzina limenelo ndi la amene anagwira komaliza, ngakhale atangokonza chilembo chimodzi pa ntchito ya zaka zitatu ya mnzake, ndipo ndinaonapo munthu akudzudzulidwa chifukwa cha cholakwa cha wina pongoti dzina lake ndi limene linali pamwamba. Kaundula amayankha funsoli bwino kwambiri. Lamulo la blame, limene lili mu Git ndi mu Subversion momwe, limaonetsa mzere uliwonse ndi amene anaulemba ndi tsiku lake. Nditawaonetsa madalawo anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "N'zabwino, mwana wanga, koma ukachotsa kompyuta pa netiweki n'kusindikiza fayiloyo pa pepala, zimenezi zikhalapo?" Sizikhalapo. Iwo ankakonda kuwerenga pulogalamu pa pepala, cholembera chofiira chili m'manja, ndipo pa pepalapo chidindo chawo chinali ndi ntchito. Ndinawayankha kuti makina osindikizira akhoza kuika veshoni m'munsi mwa tsamba pa nthawi yosindikizayo. Anagwedeza mutu, sanavomere ndipo sanakane, ndipo ndikudziwa kuti mafayilo awo akuyambabe ndi zizindikiro za dola.

Mayi wa usipa uja ndimakumana naye kawirikawiri. Masiku ano pansi pa dzina amalembanso nambala ya foni, ndipo galimoto ikanyamuka amaimbira mlongo wake wa ku msika ku Lilongwe kumuuza kuchuluka kwa matumba ndi mtundu wa ulusi umene wasokera. Akalandira, mlongoyo amayang'ana msoko asanayang'ane dzina. Inu amene mumatumiza mapulogalamu ku madoko, ku zipatala za kumidzi ndi ku masukulu kumene simufikako kawirikawiri, ikani veshoni pamalo poti wogwiritsa ntchito aione popanda kutsegula fayilo iliyonse, ndipo mukamuimbira foni musamufunse mzere woyamba wokha. Mufunseninso ngati pali chimene anakonza.